Ulendo wa ku Lusaka, kokaperekeza agogo

Lolemba, Chipata

Tafika ku Chipata dzuwa litalowa, tagona kwa achibale ku Kapata. Ndili ndi amayi, komanso agogo aamuna, amalume awo a amayi, amene tawatengera pa Mchinji. Ulendowu ndi wa ku Lusaka, kumaliro a agogo aakazi, akulu awo a agogo amene anabereka amayi anga. Anatisiya Loweruka usiku kunyumba kwawo ku Matero, ali ndi zaka zoposa 90. Zenizenizo palibe akuzidziwa, poti chaka cholembedwa pachitupa chawo anachita kuwaganizira ndi kalaliki. Eni ake ankangoti njala ya 1949 inawapeza atatha kale msinkhu.

Pachipata cha Mchinji ndi Mwami sitinachedwe. Kuyambira mu 2022 munthu amaima kamodzi kokha, maofesala a mayiko onse awiri amakudindira pasipoti malo amodzi. Agogo aamuna sanachite nazo chidwi zimenezo. Akuti ali mnyamata ankapalasa njinga kuchokera kumudzi mpaka ku Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, osafunsidwa pepala ndi munthu. Mlamu wawo, mwamuna wa malemu, anali wa mbali ino ya malire. Anadzakhala pachikamwini kwathu, nalima, namanga nyumba, kenaka ntchito itapezeka ku Lusaka anapempha chitengwa, akuluakulu n'kumulola kutenga mkazi.

Chipembedzo sichinawavute agogo aakazi powoloka malire. Kwathu ndife a CCAP ya Nkhoma, yomwe inayambira ku Mvera mu 1889. Kuno mpingo wake ndi Reformed Church in Zambia (RCZ), umene unayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata pompano, mu 1899. Amishoni a mbali zonse ziwiri anali Adatchi a ku South Africa, kungoti a kwathu anatumidwa ndi mpingo wa ku Cape, a kuno ndi wa ku Orange Free State. Baibulo linali limodzi, Buku Lopatulika la 1922, nyimbo zomwezo, kalasi yomweyo, ndipo amayi a mumpingo uku ndi uko amatchedwa a Chigwirizano.

Titadya nsima, agogo aamuna anatsokomola kaye, n'kunena zimene zinawakweza basi pa ukalamba wawowu. "Mlongo wanga tikukamutenga. Tinangomubwereketsa kwa eni ake. Akagone pafupi ndi mayi ake." Iwowa ndiye mwini mbumba, ndipo mwa ana onse a m'mimba imeneyo atsala okha. Amayi anangoti, "Tamva, malume," n'kundiyang'ana.

Lachiwiri, mumsewu

Basi inanyamuka kusanache. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pamsewu wa Great East, ndipo tsiku limathera momwemo. Pa Katete tinadutsa kukuyera kumene, agogo aamuna akuloza chakumene kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, komwe mafumu a kwathu amapita ku mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti. Sinda, Petauke, Chinsenga n'kumachuluka m'basimo. Pa Nyimba nthochi. Pamsika wa pafupi ndi mlatho wa Luangwa, uja anaumanga mu 1968, amayi anagula nsomba zouma zoti tikapereke pasiwa, poti nyemba ndi mtedza zimene tanyamula akuti n'zochepa kwa munthu wamkulu chotere. Kenaka zitunda za Manenekela, kumene msewu umakhotakhota m'mbali mwa maphompho, macheza m'basi n'kuyamba atha.

Malemu agogo aakazi anadutsa njira yomweyi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangoyamba mu 1953, pamwamba pa lole, msewu uli wafumbi, mwana woyamba ali kumsana. Lusaka inali isanathe zaka 20 ili likulu, poti boma linasamuka ku Livingstone mu 1935, ndipo mzinda womangidwa kumenewo unkafuna amisiri, apolisi, amesenjala ndi ophika. Ambiri anachokera kum'mawa kuno ndi ku Nyasaland. N'chifukwa chake mumzinda wa m'dziko la Asoli ndi Alenje mumagulidwa tomato m'Chinyanja. Amuna awo a agogo anali kalipentala.

Tinatsikira padepoti ya Intercity madzulo, anyamata akulimbirana zikwama. Mdzukulu wina wa malemu, amene ndimangomudziwira pa WhatsApp, anatizindikira ndi nkhope ya amayi. "Mwafika bwino? Tiyeni manje, bantu bakuyembekezani." Titakhota kulowa mumsewu wa kunyumba ku Matero, amayi anamanga chitenje, n'kuyamba kulira tisanafike pageti. M'nyumba anawalandira kulirako.

Lachitatu, pasiwa

Kuno mtembo sugona m'nyumba. Umakhala kumochale mpaka tsiku loika, koma siwa imakhalapo ndithu: mipando yonse yatulutsidwa, ife akazi tili pansi m'nyumba, abambo ali patenti panja akuotha mbaula. Amayi a Chigwirizano agawana ntchito. Ena ali kuseri kwa nyumba ndi miphika ikuluikulu, ena akuyambitsa nyimbo, wina ali ndi kope la chipepeso. Sanafunse munthu komwe kuli ndowa kapena mthiko. Akuidziwa nyumbayi kuposa adzukulu ake.

Nyumbayo ndi yaing'ono, ya khonsolo, imene agogo anaigula mu 1996 boma la a Chiluba litagulitsa nyumba zotere kwa okhalamo. Kuseri anaonjezera tizipinda tiwiri. Ndinkadabwa kuti anthu onse akubwera kudzakhuzawa, ena pa magalimoto apamwamba, amadziwana bwanji ndi gogo wogulitsa zitumbuwa. Yankho ndalipeza nditakhala pakhonde ndi amayi aang'ono, mwana wotsiriza wa malemu, namwino wopuma pantchito. Aliyense wolowa pageti amandinong'oneza. Uyo anagona pano akufuna ntchito ya udalaivala. Uyo anachokera ku Dedza, anadzadikirira mwamuna wake amene anasowera ku migodi. Awo anabwera ndi mwana wodwala kudzaonana ndi madokotala a kuchipatala chachikulu cha UTH, anakhala miyezi. Uyo anathawa mwamuna womenya. Adiresi ya nyumbayi inkayenda pakamwa kuchokera ku Mchinji, Chadiza, Katete mpaka ku Petauke: ukatsika basi, funsa ku Matero kwa amayi a Chigwirizano aja. Amati mlendo ndi mame, koma mame a pano ena anauma patatha zaka.

Musaganize kuti anali gogo wofatsa. Onse amene ndacheza nawo akuyamba ndi kuseka kenaka n'kunena kuti ankawaopa. Tambala woyamba akalira ankadzutsa nyumba yonse kumapemphero, kaya ndiwe wa Katolika, kaya Msilamu wa ku Mangochi, ukhale tsonga basi. Wobwera akununkha mowa ankagona pakhonde. Ukapeza ntchito, malipiro oyamba ugule thumba la ufa, osati la iwo ayi, la wobwera pambuyo pako. Bambo wina wa imvi, amene anapuma pantchito ku njanji, anandiuza kuti iye anayesa kuzemba lamulo limeneli, agogo n'kumulondola mpaka kuntchito atavala yunifolomu ya mpingo. Anagula matumba awiri. Analinso mlangizi, ndipo atsikana amene anadutsa m'chilangizo chawo, lero ndi agogo nawonso, akuti mawu awo sankapita m'mbali. Ena akuti ankaonjeza. Ine ndikukhulupirira, poti amayi anga amene akakwiya amafanana nawo mawu.

Amayi aang'ono anatsitsa mawu pofika pa zaka za m'ma 1990. Mu 1987 a Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi, koma m'makomboni anthu anapitiriza kubisa odwala kuchipinda, ena osafuna n'komwe kugwira mbale yawo. Mankhwala otalikitsa moyo anadzayamba kuperekedwa ulere cha m'ma 2004 ndi 2005. Pakati ponsepo, amene ankalowa m'zipinda zimenezo ndi beseni, sopo ndi phala anali amayi a m'mipingo. Agogo ankasambitsa odwala a anthu ena m'mawa, madzulo n'kudzasambitsa awo. Anaika ana atatu m'zaka zimenezo, nalera adzukulu amasiye, kuphatikizapo uja anatichingamira dzulo.

Madzulo kunali msonkhano wa banja, ndipo nkhani ija inatuluka. Agogo aamuna anaiyala bwinobwino, mosakweza mawu. Amalume aakulu, mwana woyamba wa malemu, anayankha kuti mayi awo ananena okha, pamaso pa abusa, kuti adzaikidwe kumanda a ku Chingwere kumene kuli amuna awo ndi ana awo. Wina anatchula za mtengo wa galimoto ndi mapepala owolotsera mtembo pamalire, ndipo pamenepo agogo aamuna anakwiya zenizeni. "Ndalama musanditchulire. Ndikagulitsa ng'ombe." Anabalalika osamvana.

Ine mtima wanga uli ku Chingwere, koma mkuluyu sindikumuona wolakwa. Kumanda a kwathu kuli mzere wa amayi ake, azichemwali ake ndi agogo ake, ndipo mzere umenewo ndi umene umanena kuti dziko lija ndi la mbumba yathu. Akufuna mwana aliyense wa ku Lusaka akhale ndi chomubweretsa kumudzi. Akudziwa kuti manda akakhala kuno, ambiri a iwo sadzapondako.

Lachinayi

M'mawa ndinaperekeza amayi aang'ono ku Soweto Market kukagula kabichi, kapenta, mafuta ndi makala. Msikawu ndi waukulu moti ndikanakhala ndekha ndikanasochera, matumba a anyezi ndi mbatata ataunjikidwa kutalika kuposa munthu, anyamata a mawilibala akukuwa kuti tipatuke. Amayi aang'ono amatsitsitsa mtengo mopanda chisoni, ndipo akatchula kuti n'za pamaliro wogulitsa amaonjezera yekha kambasera.

Tili mu minibasi pa Lumumba Road anandifotokozera za nthawi ya mizere. M'zaka za m'ma 1980 mkuwa utagwa mtengo, ufa, sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinkasowa m'masitolo a boma. Agogo ankadzutsa alendo awo onse usiku n'kuwagawa, uyu mzere wa ufa, uyu wa sopo, poti munthu mmodzi ankaloledwa kugula zochepa. Apa ndiye kuchuluka kwa anthu m'nyumba kunapindula. Mu 1989 kunabwera makuponi a ufa, ndipo mu Juni 1990 mtengo wa ufa utakwera kuposa kawiri, mumzinda munabuka zipolowe, anthu n'kufa. Mnyamata wina wogona panyumbapo anabwera ndi thumba la ufa lothyola m'sitolo, akuganiza kuti amuyamikira. Agogo sanalole kuti lilowe m'nyumba, ngakhale m'nyumbamo munalibe ufa. Linagona panja mpaka mwini wake analichotsa. Amayi aang'ono akuti tsiku limenelo iwo anawada mayi awo, ndipo mpaka lero sakudziwa ngati akanachita chimodzimodzi.

Titabwerako tinapeza agogo aamuna atakhala pakati pa amayi a Chigwirizano, chinthu chosayembekezeka. Wapampando wawo, mayi wachikulire, anali atagwada patsogolo pawo. Sanatsutsane nawo. Anangopempha kuti, "Bambo, tiloleni tikuonetseni kumene mlongo wanu ankapita," ndipo amalume anawatenga pagalimoto mpaka ku Chingwere. Kumeneko anaona manda a mlamu wawo ndi a ana atatu aja, osesedwa bwino, ndipo anauzidwa kuti malemu ankapitako ndi khasu mpaka miyendo itakana. Anabwerako osayankhula. Chakumadzulo anaitanitsa amalume n'kunena kuti, "Mukamuike pamene pali ana ake. Koma zovala zake zina ndi Baibulo lake zipite kwathu, anthu akalire. Ndipo chiliza musadzamange mwa nokha." Amalume anawomba m'manja, nkhani n'kutha.

Usiku kunabwera kwaya ina ndi zoimbira zamagetsi. Awa ndi a mpingo wa mwana wina wa malemu. Mu 2001 abusa ena anatuluka mu RCZ n'kuyambitsa Bible Gospel Church in Africa, pa kusiyana maganizo pa zamapemphero a machiritso, malilime ndi kaimbidwe, ndipo ku Matero kuno nkhaniyo inagawa mabanja. Agogo sanasunthe. Ankati Mulungu si wogontha kuti azichita kumukuwira. Koma mwana wawo atapita kumeneko sanamukane, ndipo maliro akagwa kwa a mpingo winawo ankapita ndi mthiko wawo. Usiku wa lero magulu awiriwa amalandizana nyimbo mpaka mbandakucha, magetsi atazima pakati pa usiku a Chigwirizano n'kupambana.

Lachisanu, tsiku loika

Tchalitchi chinadzaza, ena anaima m'mawindo. Amayi a Chigwirizano, atavala zoyera ndi zakuda, anaima mizere iwiri kuchokera pageti mpaka pakhomo, bokosi n'kudutsa pakati pawo. Agogo anawaveka yunifolomu yawo. Abusa ndi achinyamata, ophunzira ku Justo Mwale, sukulu ya ubusa ya kuno imene inatchedwa dzina la mbusa woyamba wachikuda wa mpingowu, wodzozedwa mu 1929. Anavomera pa guwa kuti atangofika pampingopo agogo anawaitanira kunyumba n'kuwauza kuti ulaliki wawo ukutalika ndipo sakuyendera odwala. Anthu anaseka m'tchalitchi, maliro ali pomwepo.

Mbiri ya malemu anawerenga ndi mdzukulu. Anabadwira kwakuti, anabatizidwa, anakwatiwa, ana akuti, adzukulu akuti, zidzukulutudzi zakuti, anadwala nthawi yochepa. Sinathe mphindi zitatu. Ndimadana nazo mbiri zoterezi, zimafanana zonse, ungosintha dzina. Za anthu ogona pabalaza munalibe, za beseni munalibe. Koma zinaonekera kumanda, pa nthawi yoika nkhata. Woyendetsa mwambo anaitana ana, adzukulu, akuchimuna, akuchikazi, ampingo, monga mwa nthawi zonse. Kenaka bambo wa kunjanji uja anakamunong'oneza, iye n'kulengeza kuti, "Onse amene munagonapo m'nyumba ya amayiwa." Anthu anadzuka mbali zonse. Maluwa anatha, otsalawo anangodutsa n'kugwira dothi la pamtumbira. Agogo aamuna anandifunsa kuti, "Onsewa?" Ndinati eya.

Tisanachoke kumanda tinagwidwa ndi chimbuya. Kuno Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pa ubale wa nthabwala, umene akuti unachokera ku nkhondo za makedzana za Abemba ndi Angoni, ndipo pamaliro a mbali imodzi, a mbali inayo amagwira ntchito, amanyoza, ndiponso amapaka anamfedwa ufa kapena paudala mpaka atapereka kandalama. Amayi awiri a Chibemba anamugwira mwini mbumba wathu, jekete lake la ku tchalitchi n'kuyera mbuu, akumuuza kuti mlongo wake wafa chifukwa chodya mbewa. Ndinaopa kuti akwiya. Anawayang'ana n'kufunsa ngati anyani a kwawo anatha, poti aoneka anjala. Anapereka ndalama ya Malawi, iwo n'kuikana kuti siigula kanthu.

Loweruka

Lero kunali kugawa katundu. Sanali wambiri: zitenje, majuzi oluka okha, mapoto, makina osokera amene anasiya kugwira ntchito kalekale. Za kumudzi anaziika m'chikwama chimodzi pamodzi ndi Baibulo, lomwe chikuto chake anachisoka ndi nsalu.

M'sutikesi ya pansi pa bedi munapezeka makope a sukulu omangidwa ndi mphira. Agogo sukulu sanapite nayo patali, anangophunzira kuwerenga ndi kulemba pa sukulu ya mishoni ya m'mudzi, ndipo zilembo zawo n'zikuluzikulu, zopendekera. Tsamba lililonse ndi maina: wodwala, komboni imene akukhala, chimene akusowa. Wina bulangeti, wina wa kumuperekeza kuchipatala, wina "sadya, afuna thobwa." Amene anamwalira anawaika kamtanda kutsogolo kwa dzina. Makope a zaka za m'ma 1990 ndi mitanda yokhayokha, ndipo maina a ana awo atatu ali momwemo pakati pa enawo, osawapatula. Wapampando wa Chigwirizano anapempha kope lomaliza, akuti muli anthu amene akuyenera kuyenderedwa sabata ikubwerayi. Enawo amayi aang'ono anakana kuti asachoke panyumba.

Yatsala ndi nkhani ya nyumba. Amalume akufuna ikonzedwe, aikemo alendi, ndalama zizithandiza adzukulu amene adakali pasukulu, ndipo kunena zoona maganizowo ndi anzeru. Amayi aang'ono akuti iwo za kulandira aliyense wotsika basi sangazithe, shuga ndi BP zikuwavuta, komanso ufa wa masiku ano si wodyetsa mudzi. Palibe anawatsutsa. Koma m'kachipinda kena ka kuseri muli mtsikana wa ku Nyimba, wophunzira za unamwino, amene si m'bale wa aliyense pano. Agogo anamupeza kutchalitchi chaka chatha alibe kokhala. Msonkhano wonse iye anali kukhitchini akutsuka mapoto a pamaliro, ndipo ndikhulupirira ankamva zonse.

Amene anamutchula ndi agogo aamuna. Anafunsa kuti mwanayo amaliza liti, anawauza kuti chaka chamawa. "Ndiye alendi anuwo ayambe chaka chamawa," anatero. Amalume anayamba kufotokoza za mtengo wa madzi ndi magetsi, koma bambo wa kunjanji uja, amene anangobwera kudzatsanzika, anati zimenezo azilipira ndiye mpaka mtsikanayo alembe mayeso. Analemba nambala yake ya foni pachikuto cha kope la chipepeso, amalume n'kuisunga.